Zitosi zamagazi ndi njoka za m'mimba mwa nkhuku: alovera, papaya, nimu kapena mankhwala ogula?

Mvula ikakhazikika mu Disembala, makola a nkhuku kuyambira ku Kapata m'tauni ya Chipata mpaka kumidzi ya ku Katete ndi ku Chadiza amayamba kununkha chinyontho, ndipo oweta amafunsana funso limodzi: anapiye avala majekete, akungowodzera pakona, zitosi zili ndi magazi, tiwapatse chiyani? Mayankho sachedwa. Uyu ati alovera, uyo ati nimu, winanso ati tsabola wa kambuzi wosinja, agogo ati khungwa la muwawani loviika m'madzi. Aliyense amalumbira kuti zake zinachira ndi mtengo umenewo, ndipo ambiri mwa iwo sanama ayi. Koma pali chifukwa chimene mitengo yosiyana chotere imaonekera ngati yonse ndi yamphamvu, ndipo tisanayambe kuiyerekeza tiyenera kuchidziwa.

Kamwazi wa nkhuku, amene alangizi a ziweto amamutcha koksidiyosisi, amayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa Eimeria. Mitundu yake yodziwika bwino pa nkhuku ilipo 7, ndipo uliwonse uli ndi chigawo chake cha matumbo chimene umakonda. Wotulutsa magazi ofiira psuu ndi Eimeria tenella, umene umakhala m'timatumbo tiwiri tija topanda kotulukira, chakumapeto. Timazira take timatuluka ndi zitosi tili tosakhwima. Timafuna tsiku limodzi kapena awiri pamalo ofunda ndi onyowa, kenako mwanapiye akatijompha pamodzi ndi chakudya chotayikira pansi, basi matenda alowa. M'katimo tizilombo timaboola khungu la matumbo, kuswana, kuliphulitsa, n'kulowanso pena. Magazi amayamba kuoneka tsiku la 4 kapena la 5, imfa zimachuluka pa la 5 ndi la 6, ndipo sabata ikamakwana ulendo wa tizilombo m'thupimo watha. Mwanapiye amene wapirira mpaka pamenepo amayamba kutola mphamvu yekha, thupi lake litaphunzira kulimbana ndi mtundu umenewo.

Tsono mlimi amaona magazi matenda ali kale pakati. Athyola masamba, asinja, athira m'madzi. Pakapita masiku atatu imfa zachepa, ulemu wonse n'kupita kwa mtengo uja, chonsecho akanapereka madzi okhaokha zikanathanso chimodzimodzi. Mnzanu akakuuzani kuti mtengo wakutiwakuti unachiritsa nkhuku zake, mufunseni modekha kuti zinafa zingati zisanachire, ndipo zotsalazo zinakula bwanji. Nkhuku yopulumuka kamwazi ndi matumbo a zipsera imamaliza chakudya osaonetsa kumene chikupita.

Njoka za m'mimba ndi nkhani ina, ndipo mankhwala ake ndi enanso. Yaikulu, Ascaridia galli, ndi yoyera, yobulungira, yotalika kufika chala cha munthu wamkulu kapena kupitirira, ndipo imatenga masabata 5 mpaka 8 kuti ikhwime n'kuyamba kuikira mazira m'matumbo. Zina ndi zaphwatalala, za mfundomfundo. Zimenezi nkhuku imazitenga podya nyerere, ntchentche ndi tizikumbu, n'chifukwa chake nkhuku zambiri zoyenda zokha pamudzi zili nazo. Njoka sizipha msanga. Zimaondetsa pang'onopang'ono: lipombo limatuwa, mazira amachepa, ndipo mukainyamula nkhukuyo fupa la pachifuwa limakulasani m'dzanja.

Yambani ndi mpeni

Musanathyole tsamba lililonse, tumbulani nkhuku imene yangofa kumene. Ambiri ntchito imeneyi timachita nayo mphwayi, timangoponya m'dzenje. Yalani matumbo pasaka kapena pathabwa, muwatsate kuyambira pa nthutumba kutsika nawo. Timatumbo tiwiri tija tikakhala totupa, takuda, mukatiboola n'kutuluka magazi oundana, ameneyo ndi kamwazi. Mukang'amba matumbo aatali n'kupeza njoka zoyera zitapiringizana, mwina mpaka kutseka njira, yankho mwalipeza. Koma ngati zitosi zinali zobiriwira, nkhuku zikupuma mobanika, zina zapinda makosi, zikufa zazikulu ndi zazing'ono zomwe, makamaka dzuwa la Seputembala ndi Okutobala lili pamutu, chimenecho ndi chitopa. Chitopa chilibe mtengo wochichiza, chilibenso mankhwala a m'sitolo. Chili ndi katemera basi. Gumboro nayenso amagwira anapiye a msinkhu womwewo umene kamwazi amakonda, masabata 3 mpaka 6, koma zitosi zake ndi zoyera, zamadzimadzi. Mukakayika, nyamulani nkhuku yakufayo ndi zitosi zatsopano kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu kapena ku ofesi ya vetenale paboma. Mukatha kwirirani zonse mozama, agalu angafukule.

Papaya ndi nthanga za maungu

Pa njoka zobulungira, mtengo umene ine ndimauika patsogolo ndi papaya. Utomoni woyera wotuluka m'papaya laliwisi uli ndi mphamvu yomwe ija imafewetsa nyama yolimba, ndipo imadyanso khungu la njoka. Anauyesa pa nkhuku ku Indonesia ndi ku Nigeria ndipo njoka zinachepa ndithu. Kutenga kwake n'kosavuta. M'mamawa, papaya likadali mumtengo, likandeni ndi lezala mizere ingapo yosazama, mutchere kambale pansi. Utomoniwo usakanizeni ndi gaga wonyowa pang'ono, mupereke nkhuku zisanadye china chilichonse. Samalani m'maso, umawotcha. Njere za papaya lakupsa nazonso zili ndi mankhwala ake opha njoka: ziumitseni pamthunzi, sinjani, thirani m'gaga kwa masiku angapo, mupumule, mudzabwereze pakapita masabata awiri kapena atatu.

Malire ake nawa. Papaya amachepetsa njoka, sazimaliza. Mphamvu ya utomoni imasiyana mtengo ndi mtengo, ndipo pogawira nkhuku khumi m'mbale imodzi, tambala ndi thadzi lalikulu zimadya gawo la zofooka zimene munkafuna kuthandiza. Pa kamwazi ndiye papaya musamudalire. Komanso pa nyama zina zamphongo zinaoneka kuti njere zikachuluka zimachepetsa mphamvu yobereka, choncho tambala wa mbewu musamudyetse tsiku ndi tsiku.

Nthanga za maungu zaziwisi, zosinja, zimafooketsa njoka zaphwatalala pang'ono. Kuno sizisowa ikafika Epulo, ndipo ngakhale zitalephera ntchitoyo ndi chakudya chabwino chamafuta. Palibe chimene mwataya.

Alovera

Uyu ndiye mfumu ya mankhwala a nkhuku pamudzi, ndipo pafupifupi khomo lililonse lili naye kuseri kwa bafa. Tsamba lake lili ndi zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Mukalidula, pamatuluka madzi achikasu owawa kuchokera pansi pa khungu: amenewo amatsegula m'mimba, ngakhale mwa munthu. M'kati muli phala loyera loterera, ndipo ndi limenelo limaziziritsa matumbo ndi kuthandiza chitetezo cha thupi. Tsono ganizirani mwanapiye amene akutaya kale madzi ndi magazi, inu n'kumuikira tsamba lathunthu loduladula m'chomwera. Madzi aja awawa, iye achepetsa kumwa, ndipo pang'ono pamene wamwapo pamuwonjezera kutsegula. Mwanapiye wa kamwazi amasiya kudya koma amamwabe, ndipo madziwo ndi amene akumugwira moyo. Chilichonse chomuthawitsa pachomwera chikumufupikitsira masiku.

Ku Zimbabwe ofufuza anaona kuti madzi a alovera amalepheretsa timazira ta Eimeria kukhwima, koma anayesera m'mbale za m'labu, osati m'mimba mwa nkhuku yodwala. Choncho malo a alovera ndi pa nkhuku zabwinobwino nyengo ya mvula, ndi pa zimene zikuchira. Imikani tsamba lodulalo choimirira kwa kanthawi kuti madzi achikasu akhe, palani phala loyera, sungunulani m'madzi ochuluka moti inu mukalawa pa chala musakwinye nkhope. Madziwo sagona, mawa lake tayani, tsukani chomwera, konzani ena.

Nimu ndi Artemisia

Nimu wachuluka m'tauni ndi kumalo otentha monga ku Mambwe. Ku Pakistan anayesa zipatso zake zopera m'chakudya cha mabuloila, ndipo timazira m'zitosi tinachepa. Vuto lake ndi lomwe lija la kuwawa: mukachulutsa, nkhuku zimadya pang'ono, ndipo woweta mabuloila amene akuwerenga masiku kuti akagulitse ku Saturday Market ataya pa sikelo zimene wapulumutsa pa mankhwala. Ine nimu ndimamuona wothandiza kwambiri kunja kwa thupi, masamba ouma m'zisa zoikiramo pothamangitsa utitiri.

Pa kamwazi weniweni, chitsamba chimene chili ndi umboni wogwirika ndi Artemisia annua, chomwe chija chimatulutsa mankhwala amene ali mu Coartem wa malungo. M'chaka cha 1997 ofufuza a ku America anadyetsa anapiye masamba ake ouma kwa masabata atatu, ndipo zilonda za Eimeria tenella zinachepa, koma mitundu ina monga Eimeria maxima sinasunthike. Ngati muli nacho m'dimba, thyolani masamba chisanachite maluwa, umitsani pamthunzi, perani, muzithira pang'ono m'chakudya cha anapiye kuyambira sabata yachiwiri. Sichipezeka paliponse, ndipo chimafuna kuthirira.

Onani chinthu chimodzi pa kuyesa kwa Artemisia kuja: masamba anayamba kudyetsedwa matenda asanalowe. Ndi mmene kuyesa kwambiri kwa zitsamba kumachitikira. Ife timachita zosiyana, timathamangira kutchire magazi ataoneka kale, pamene matumbo ang'ambika.

Adyo, tsabola, makungwa owawa

Adyo wosinja ali ndi mphamvu yolimbana ndi mabakiteriya, koma mphamvuyo imatha msanga akangosinjidwa, choncho wa dzulo ndi fungo chabe. Pa njoka musamudalire. Ku Netherlands mu 2011 anapatsa nkhuku za Ascaridia galli mankhwala otengedwa mu adyo ndipo njoka zinatsala momwemo. Ndi mtengo wa adyo pamsika masiku ano, kuli bwino apite mu ndiwo.

Tsabola anthu amamukhulupirira poganiza kuti awotcha tizilombo. Mbalame sizimva kuyabwa kwa tsabola monga ife, n'chifukwa chake nkhuku imajompha kambuzi osaphethira. Savulaza, amawonjezera mavitamini, koma kamwazi saima naye. Makungwa a muwawani ndi zipatso za mvunguti makolo akhala akuviikira nkhuku kuyambira kale, ndipo sindingawanyoze. Chovuta n'chakuti mulingo palibe: khungwa la mtengo waukulu la m'chilimwe ndi la kamtengo la m'dzinja mphamvu zake sizifanana, ndipo kuwawa pakokha sikupha kachilombo. Miwawani yambiri pafupi ndi midzi yaumanso chifukwa chosendedwa mozungulira.

Chamwamba ndiye musachiwerenge ngati mankhwala, ndi chakudya. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a masamba ake ouma ndi zomanga thupi, ndipo ali ndi zimene thupi limasandutsa vitamini A, amene amalimbitsa khungu la m'kati mwa matumbo. Nkhuku yosowa vitamini ameneyu njoka zimaipeza mosavuta. Masamba obiriwira alinso ndi vitamini K wothandiza magazi kuundana. Pa zonse zomera pakhomo, chamwamba ndi chimene ndingapereke chaka chonse osadandaula.

Zitatu zosayenera kulowa m'chomwera

Fodya tili naye wambiri kuno, ndipo zoona, kale kumayiko ena ankapha njoka za nkhuku ndi chikonga chake. Anachisiya chifukwa mulingo wopha njoka uli pafupi kwambiri ndi wopha nkhuku. Ombwe, amene ena amati ububa, anafala m'minda yathu m'zaka za m'ma 1990 pamene a ICRAF, bungwe lofufuza za mitengo ya m'minda, ku Msekera pafupi ndi Chipata ankalimbikitsa mitengo yobwezeretsa chonde m'nthaka. Amapha nsomba m'madzi, amaphanso nkhupakupa ndi nsabwe; ntchito yake ndi yopopera khola, osati yomwetsa. Nkhadze utomoni wake umawotcha kukhosi ndi m'matumbo ndipo umachititsa khungu ukagwera m'maso. Onjezanipo makapusozi a anthu otsala kuchipatala amene ena amatsegulira m'madzi a nkhuku: sanapangidwire njoka kapena Eimeria.

Nanga za m'sitolo?

Mankhwala ogula si mdani wa zitsamba. Ena anachokera komweko: halofuginone, amene amathiridwa m'chakudya poteteza kamwazi, anapangidwa potengera mankhwala a chitsamba china cha ku China. Kusiyana kwake n'kwakuti mulingo umadziwika.

Magazi akaoneka m'khola la anapiye ambiri, musataye tsiku. Amprolium amathiridwa m'madzi masiku 5 mpaka 7. Amagwira ntchito ponamiza tizilombo: amafanana ndi vitamini B1, tizilombo timamutenga m'malo mwa vitaminiyo n'kulephera kukula. Ndiye mukasakaniza ndi stress pack, ufa wogula wodzaza mavitamini a B, m'chomwera chomwecho, mukuchotsa mphamvu ya mankhwala amene mwagula. Mavitamini adikire mpaka mutamaliza. ESB3 ndi anzake a gulu la salufa amagwira msanga, koma mukapitiriza masiku olembedwa amawononga impso, ndipo si a nkhuku zimene mazira ake akudyedwa. Toltrazuril, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Baycox, amaperekedwa masiku awiri okha ndipo ndi wamphamvu, koma ndi wodula ndipo amakhalitsa m'nyama. Onsewa mwetsani khola lonse, osati zodwala zokha, chifukwa zooneka zamphamvuzo zatola kale timazira. Masiku odikira musanaphe kapena kugulitsa alembedwa papaketi. Awerengeni muli pa kauntala, musanalipire.

Pa njoka, piperazine ndi wotchipa koma amangokomola zobulungira zazikulu kuti zituluke ndi zitosi. Zina zonse sazikhudza. Levamisole amagwira mitundu yambiri ya zobulungira, koma zaphwatalala ayi. Ngati mpeni uja unakuonetsani za mfundomfundo, auzeni alangizi kuti akusankhireni oyenera. Bwerezani pakapita masabata awiri kapena atatu, chifukwa mazira a njoka amakhala m'dothi miyezi yambiri.

Pali chinanso chimene oweta mabuloila ambiri sachiganizira. Chakudya cha starter ndi grower chogula m'matumba nthawi zambiri chimabwera ndi mankhwala oteteza kamwazi kale. Mtengo wa thumba ukakwera, timachulukitsa ndi gaga kuti chifike patali. Pochita zimenezo tasungunulanso mankhwalawo, ndipo sabata yachinayi magazi aoneka, ife n'kumati anapiye anabwera odwala. Chakudya chimenechi musapatse abulu kapena agalu. Ena mwa mankhwala ake, monga monensin, ndi poizoni kwa iwo.

Pansi pa khola

Timazira tija sitikhwima pouma, ndipo apa ndi pamene nkhondo yeniyeni ili. Lowani m'khola, musunthe chomwera, muone bwalo lakuda lonyowa limene lili pansi pake. Tapani utuchi wa pamenepo, finyani m'dzanja, tambasulani. Ukamwazika uli bwino. Ukatsala chibulumwa chomata, chofunda, chonunkha mpaka kuyabwa m'maso, pamenepo ndi pamene anapiye anu akutolera matenda. Kokolani malo amenewo tsiku lililonse muthirepo wouma. Kuno makoko a nshawa sasowa, ndipo amagwira ntchito bwino malinga akhale ouma, opanda chuku. Kwezani zomwera ndi zodyera pa njerwa kuti zifike pamsana wa nkhuku, matani denga lodontha mvula isanayambe, ndipo musatseke mawindo onse ndi masaka poopa kuzizira. Chinyontho chimafuna potulukira.

Jik ndi mankhwala ambiri opopera satha kuboola chikhungwa cha timazira ta Eimeria. Chimene chimatipha ndi madzi owira, kuuma ndi dzuwa. Mukagulitsa gulu limodzi, chotsani utuchi wonse ukapite kudimba, tsanulirani pansi madzi obwadamuka, ndipo khola likhale lopanda kanthu masabata awiri. Anapiye atsopano asaponde pamene pakhala nkhuku zazikulu, chifukwa zazikuluzo zimatulutsa timazira izo zili bwinobwino.

Khola lanu ndi lotani?

Woweta mabuloila 100 kuseri kwa nyumba ku Mchini kapena ku Navutika m'tauni ya Chipata alibe mpata woyesa masamba. Nkhuku zake ndi zothithikana, za msinkhu umodzi, ndipo moyo wake wonse ndi masabata 6. Kamwazi akalowa amagwira zonse nthawi imodzi. Paketi ya amprolium ikhale m'nyumba anapiye asanafike. Njoka kwa iye si nkhani, chifukwa nkhuku zimapita kumsika njoka zambiri zisanakhwime.

Wa nkhuku za mazira ali pakati. Misoti yake imadutsa m'nyengo ya kamwazi isanayambe kuikira, ndipo pamenepo angathe kugwiritsa ntchito mankhwala ogula mosavuta. Ikayamba kuikira, mankhwala ambiri amalowa m'dzira, choncho papaya, nthanga ndi chamwamba zimakhala ndi phindu lenileni potalikitsa nthawi pakati pa kumwetsa kumodzi ndi kwina. Akamwetsa ogula, mazira a masiku odikira asapite pa thireyi.

Wa nkhuku za kumudzi ndiye amene zitsamba zimamukomera koposa. Nkhuku zake zimayenda patali, zimatola timazira pang'onopang'ono, thupi n'kuzolowera lisanadwale, ndipo vuto lake lalikulu ndi njoka. Kumwetsa mankhwala ogula kawiri pachaka, mvula ikamayamba ndi ikamatha, papaya pakatipo, ndi katemera wa chitopa pa nthawi yake, kumasintha kaonekedwe ka gulu lonse. Amene amafa ndi kamwazi pamudzi ndi anapiye a m'dzinja otsekeredwa pamalo amodzi poopa akabawi, makamaka a mitundu ya Sasso ndi Kuroiler ogula, amene amaleredwa ambiri pamodzi opanda make. Ngati mukuwatsekera m'chitete kapena m'kakhola konyamula, kasunthireni pouma tsiku lililonse, timazira ta dzulo tisanakhwime, ndipo pamalo akalewo wazanipo phulusa.